Bawuti Imene Bambo Anathyola

Ine ndinabadwira papulazi la fodya chakufupi ndi Shamva, kumpoto kwa Harare, ndipo mpaka lero munthu akandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndimayamba ndakanda m'mutu. Bambo anga analibe vuto limenelo. Kwawo kunali ku Angonia, kuseri kwa Tete, kumapiri kumene anachokako ali mnyamata pothawa chibalo cha Apwitikizi. Anakwatira papulazi, anatiberekera papulazi, imvi zinawamerera m'galaja ya papulazi akukonza mathirakitala, koma polankhula ankakhala ngati mlendo amene wangobwera kudzaona abale, mawa lino anyamuka.

Chowanyamula chinalipo. Mzungu woyamba wa pulazilo, pochoka dziko litangolandira ufulu, anawasiyira galimoto yake yakale, ija yokhala ndi bokosi kumbuyo. Inalibe boneti, pakuti nthambi ya bulugamu inaigwera nthawi ina n'kuphwanya. Bambo anaisisita n'kunena kuti, "Iyi ndiyo idzanditula pakhomo pa mlongo wanga." Inayenda miyezi ingapo, kutchalitchi ndi kuchigayo, kenaka inayamba kuwira, madzi n'kumalowa mu oyilo. Gasiketi inali itapsa. Kwa munthu wa luso ngati lawo imeneyo inali ntchito ya Loweruka limodzi. Koma masiku amenewo msewu wa ku Tete unali wa mfuti. Magalimoto ankayenda mondondozana asilikali ali patsogolo, ndipo ena sankafika.

"Ndiikonzerenji lero?" ankatero. "Kuti inu anyamata mukaiphere kumowa ku Shamva? Nkhondo ithe kaye."

Anaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu mukomboni, ndipo inakhala pamenepo mpaka nkhuku zinazolowera kuikira mazira pansi pake. Anzathu a Chishona podutsa ankaseka: "Mudhara, mota yenyu yatomera midzi!" Ankatanthauza kuti galimoto ya mdalayo yamera kale mizu. Bambo ankangoyankha kuti kuthamanga sikufika. Ine mawu amenewo ankandinyansa. Ndinali wamkulu, wa mkazi ndi ana, ndikuyendetsa thirakitala n'kumathandizanso m'galaja, ndipo mumtima ndinkati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma bambo sunkawatsutsa kawiri.

Amene ankaisamala galimotoyo anali amayi. Mukomboni thumba la feteleza lopanda kanthu linali chuma: tinkafolera denga, kuyala pansi, kutchinga pazenera, kufunda pamvula. Palibe amene ankaliona ngati thumba la feteleza, linali thumba basi. Choncho amayi ataona injini ili pamtetete mvula ikuigwera, anatenga matumba a feteleza wobereketsa uja woyera n'kuifunditsa. Chaka ndi chaka, dzinja likamayandikira, ankachotsa akale, kukutumula atsopano, n'kuwafinyikiza m'ngodya iliyonse, makamaka kumbuyo kwa injini kumene mphepo inkakankhira mvula. Akatero ankamanga ndi chingwe cha fodya. Bambo ankaima pambali n'kumauza odutsa kuti, "Mukuona? Galimoto yanga ili ndi mayi."

Kumapeto kwa chaka cha chilala chachikulu chija tinamva pa wailesi kuti ku Mozambiki aika mfuti pansi. Mvula yoyamba itagwa, miyendo ya bambo inayamba kutupa. Chifuwa chinawagwira, kagonedwe kanakhala kotsamira khoma. Kuchipatala anawabweza ndi mapiritsi komanso mawu ofatsa kwambiri, aja amene amalankhula akaona kuti palibenso chochita. Bambo sanafune womasulira. Lamlungu lotsatira titabwera kutchalitchi anandiitana.

"Kachotse matumba aja. Ndikufuna ndikafere kwathu."

Ndinati tikwere basi, ndiwabereka kumbuyo pokwera ndi potsika. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndinachoka wapansi, ndili ndi kabudula mmodzi. Ndikabwerere ngati mtolo wa pa basi? Ndipo kuseri kwa Tete basi yake iti? Kachotse matumba."

Ndinadula chingwe, n'kuyamba kusolola matumba. Apamwamba anachoka bwino. Apansi anamatirira kuchitsulo, ndipo nditakoka anatuluka ndi makoko a dzimbiri. Ndinaima chilili. Ndinaonapo dzimbiri la mvula kambirimbiri, limakhala lofiira, lopyapyala, ukalipala chitsulo chimaoneka. Ili linali lina. Linali lotupa, lanyowenyowe, ndi zoyerayera ngati mchere m'mbali mwake. Mitu ya mabawuti ogwira hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, inali itafufuma, ina ngodya zake zitadyeka moti sipanala ikanangozungulira. Ndinkalidziwa dzimbiri limeneli. Ndi lomwe linkadya ngolo yathu yonyamulira feteleza.

Bambo anabwera ndi ndodo, akupuma panjira. Anawerama, anapala pang'ono ndi chikhadabo, n'kulawa. Analavula.

"Feteleza," anatero motsitsa mawu. "Ine amene ndakhala ndikukalipira anyamata kuti atsuke ngolo, ndinkadutsa pano tsiku ndi tsiku n'kumayamikira. Maso ali kumutu ngati zokongoletsa."

Anatembenuka kuyang'ana amayi, amene ankayanika zovala patsidya pa bwalo.

"Amako akafunsa, ndi mvula. Wamva?"

Ndinavomera. Amayi sanafunse. Anatola matumba amene anali abwinoko, anawachapa, n'kuwapinda kuti bambo adzagonere m'galimoto paulendo.

Ine ndinathamangira sipanala ndi paipi yoti ndiwonjezere mphamvu. Mtima wanga ndi wotero, chinthu chikandikanira ndimafuna tione wamkulu ndani. Ndodo ya bambo inandipeza pamkono.

"Siya! Dzimbiri silimva ukali. Palafuzo umainyengerera."

Bawuti ankaitcha palafuzo, monga amatchulira kwawo. Anakhala pa chigubu chodula n'kuyamba kundilamula ngati sindinagwirepo sipanala chibadwire. Choyamba ndinapala mutu wa bawuti iliyonse ndi bulashi ya waya mpaka manja kuchita matuza. Kenaka anandituma dothi la pachulu. Ndinalikanya, n'kuumba kakhoma kuzungulira bawuti iliyonse, kuti pakhale kadziwe. M'timaiwe timeneto tinathiramo dizilo wosakaniza ndi mafuta a mabuleki, kuti asayenderere pansi koma azilowa pang'onopang'ono m'mazinga. Iyi inali njira yawo, sindinaionenso kwa makaniko wina. Dizilo wina tinathira m'mabowo a mapulagi kuti mapisitoni nawo afewe.

"Tsopano?" ndinafunsa.

"Tsopano upite kuntchito."

Kudikira ndiye kunandidwalitsa. Inali nthawi yothyola fodya, nthawi imene papulazi palibe wodwala, palibe wa maliro, palibe wa galimoto ya bambo ake. Chitsulo chikalira m'bandakucha ndinkadutsa kaye kuseri kwa nyumba, kuwonjezera dizilo m'timaiwe, n'kugogoda mutu wa bawuti iliyonse ndi hamala yaing'ono. Bambo ankamvetsera ali m'nyumba. Ndikamenya mwamphamvu ankakuwa: "Iwe! Ukugogoda pakhomo pa apongozi, osati pa munthu wakubera mbuzi!" Ndikatero ndinkathamangira thirakitala, kukoka ngolo za fodya kuchoka kumunda kupita kumabalani, kubwerera, kupitanso. Thupi linali pa thirakitala, mutu uli kuseri kwa nyumba. Wina akabwera akuthamanga kuchokera kukomboni mtima unkandiima, kenaka n'kupeza kuti wangoiwala chipewa. Masana anzanga akakhala pansi kudya, ine ndinkadula m'munda wa chimanga kupita kukagogodanso, n'kudya chiimire. Kapitawo anandifunsa ngati ndili ndi mkazi wachiwiri mukomboni. Ndinati inde, ndipo ndi wouma mtima.

Bawuti yoyamba tinaiyesa Lamlungu. Bambo anandiuza kuti ndikhomere sipanala yocheperako pamutu wodyekawo kuti igwire nganganga. Ndinakonzeka kumasula.

"Ayi. Yamba wamanga."

"Kumanga? Ababa, tikufuna ichoke."

"Manga pang'ono, ngati ukuifunsa. Ikalira, ndiye ubweze."

Ndinakankhira komangira. Panalibe kanthu, kenaka panamveka kaphokoso kakang'ono, kwii. Bambo anamwetulira koyamba m'masabata ambiri. "Yayankha," anatero. Ndinabweza pang'ono, kuthira mafuta, kumanganso, kubwezanso, uku ndi uku, mpaka inayamba kuyenda yokha, ikutuluka ndi phala lakuda. Ndinaiponya m'chitini. Ndinkafuna kuvina, koma nditayang'ana zotsala chimwemwe chinatha.

Zina zinayankha ndi mafuta okha. Zina zinafuna moto. Ndinabwereka choyatsira cha palafini cha m'galaja, kutenthetsa pozungulira bawuti mpaka dothi lija kung'aluka, kenaka kukhudzitsa kandulo kuti phula lisungunukire m'kati. Makandulo ankabwera ndi amayi. Iwo ndiwo ankasesa m'tchalitchi chathu cha mukomboni, ndipo ankatola timatsalira ta paguwa n'kudzandipatsa m'kansalu. Ankaima pang'ono kuyang'ana injini, n'kubwerera kwa wodwala. Ndikawaona choncho ndinkawerama n'kumapala chitsulo chimene ndinapala kale.

Mmodzi wa madikoni athu, wa kwawo ku Dedza, anandipeza tsiku lina ndikusungunula kandulo pa injini. Anati, "Achimwene, mwafika poibatiza?" Ndinamuuza kuti ikapanda kumva ndiitanira ansembe.

Motero zinachoka imodziimodzi, ndipo m'malo mwake ndinasankha zina zabwino pa mulu wa zitsulo zakale kuseri kwa galaja. Gasiketi yatsopano inabwera ndi dalaivala wa lole ya pulazi kuchokera ku Harare. Machubu ndinamata, matayala ndinapopa. Zonse zinali zokonzeka kupatula bawuti imodzi, ya kumbuyo kwenikweni, pangodya pamene amayi ankafinyikiza matumba kwambiri. Imeneyo inakana. Mafuta inamwa, moto inaotha, makandulo inadya, koma kwii sanamveke.

Bambo anali atasiya kutuluka. Chigubu chawo chinangokhala pamenepo, madzi a mvula n'kudikha pamwamba pake. Ndikamaliza kugogoda ankafunsa ali m'kati, mawu akutuluka movutika:

"Yayankha?"

"Sinayankhe, ababa."

"Ipatse nthawi."

Nthawi yake iti? Ndinkaona mmene mikono yawo inkaonderera miyendo ikutupirabe. Ndinkaona amayi akuwamwetsa phala ndi supuni, theka likubwerera. Ndinkagona osagona, ndikadzuka nsagwada zikuwawa chifukwa chokukuta mano. Kangapo konse ndinaima pa galimotopo paipi ili m'manja, thukuta lili kamukamu, ndikudziuza kuti kukoka kamodzi kokha. Chinkandiletsa n'chakuti ndinkadziwa mapeto ake. Bawuti ikathyokera m'kati mwa injini, ntchito ya masiku imasanduka ya masabata, ndipo ukalakwitsa poichotsa, injini yonse yatha. Ndinkaponya paipiyo pansi n'kupita kukakalipira ana popanda chifukwa.

Tsiku lina masana ndinadula m'chimanga monga mwa nthawi zonse. Amayi anali atapita kukatunga madzi. Nditazungulira nyumba ndinapeza bambo atakhala pansi m'matope, msana atatsamira tayala lakutsogolo. Anali atavala malaya okha. Paipi yothiririra fodya, yaitali kuposa iwo, inali pambali pawo, sipanala ikadali kunsonga kwake. Pa zala pankatuluka magazi. Mmene anayendera kuchoka pamphasa kufika pamenepo, n'kunyamula paipi imeneyo, mpaka lero sindidziwa.

Anatambasula dzanja. Munali mutu wa bawuti ndi kachidutswa ka thunthu lake, pothyokapo pakunyezimira.

Ndinakwiya. Ndinakwiya moti ndinamenya chitini cha dizilo ndi phazi chinakagwera kwa aneba. Masabata onse aja ndikudziletsa, ndikugogoda ngati mkamwini, ndikumva za kuthamanga sikufika, lero mwini mawuwo ndiye wathyola!

"Ababa, mwachita chiyani? Si inu munati dzimbiri silimva ukali?"

Anapuma kaye, chifuwa chikulira.

"Ndinati ndiiyese ndekha," anatero. "Ndinaona kuti iyo nthawi ili nayo. Ine ndilibe."

Mkwiyo unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa mantha. Chibadwire sindinawaonepo bambo akuchita chinthu mopupuluma. Ndinawanyamula, ndipo anapepuka ngati mtolo wa fodya wouma. Ndikuwagoneka anandigwira malaya.

"Yathyokera pati?"

Ndinapita kukaona. Popeza panalibenso chogwira, ndinaitana mnzanga wina tinanyamula hedi n'kuiika pambali. Chotsalira cha bawuti chinali m'bowo lake, chitathyokera ndendende ndi pamwamba pa injini, popanda poti n'kugwira ngakhale ndi pulayala. Ndinabwerera kukawauza.

"Uwotcherere nati pamwamba pake," anatero. "Usaboole. Ukaboola upotoza, uwononga mazinga."

Makina owotcherera anali m'galaja, omangirira kukhoma. Galimoto ndiyo inayenera kupita kumeneko. Ndinakapempha kwa manijala, ndipo iye atayang'ana nkhope yanga sanafunse zambiri, anangoti Lamlungu, ndipo thirakitala ibwerere ili bwino.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi tinaitsitsa pa njerwa. Nkhuku zinabalalika zikudandaula. Ndinamangirira galimoto ku thirakitala ndi chitsulo chokokera, pakuti mabuleki analibe ntchito. Panafunika munthu wogwira chiwongolero, ndipo ndinali nditapempha dikoni uja. Tikukonzeka, amayi anatuluka m'nyumba n'kunena kuti, "Akuti muwanyamule." Bambo anali atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa. Ndinayesa kukana, amayi anandiyang'ana, ndinasiya. Tinawakhazika pampando, tinawatchinjiriza ndi matumba ochapa aja, dikoni n'kukhala pambali pawo dzanja lili pafupi ndi chiwongolero.

Komboni yonse inatuluka. Galimoto yopanda boneti, yopanda hedi, ikukokedwa pang'onopang'ono pakati pa nyumba, ndipo m'katimo nkhalamba itagwira chiwongolero ndi manja awiri, chibwano chili m'mwamba. Amayi ena analulutira. Mmodzi wa aja ankakonda kuseka za mizu anavula chipewa n'kuwafunira ulendo wabwino m'Chishona, "Fambai zvakanaka, mudhara!" Ine ndinkangocheukacheuka pa thirakitala, kuopa kuti ndikaona mutu wagwera pachiwongolero. Sunagwe. Pokhota pa mabalani anakhota okha, bwinobwino, dikoni osakhudza.

M'galaja anakana kutsika. Tinatsegula chitseko cha galimoto kuti aziona. Ndinapala pothyokapo mpaka kuwala, ndinaika washa, n'kuwotcherera pakati pake, kenaka nati pamwamba, kudzaza bowo lake ndi chitsulo chosungunuka. Inafiira. Ndinaika sipanala nthawi yomweyo, ndinakoka, nati n'kuchoka yokha, bawuti osasuntha. Ndinapalanso, kuwotchereranso ina. Imeneyonso inadumpha. Nthawi iliyonse ndikalephera chotsaliracho chinkafupika, chikuloweralowera m'bowo.

Ndinawotcherera ina, mosamala, moto ndikuulowetsa pansi kwenikweni. Ndikutambasula dzanja kuti nditenge sipanala, mawu anachokera m'galimoto.

"Usaigwire. Isiye izizire yokha."

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana zala zawo zomanga nsanza, ndipo tonse awiri tinaseka, iwo mpaka kutsokomola. Tinadikira. Ndinazungulira galaja, ndinasesa posafunika kusesa, ndinatuluka, ndinalowanso. Itasiya kufiira ndinakhudzitsa kandulo, phula linalowa likuchita utsi. Tinadikiranso mpaka ndinatha kuigwira ndi dzanja. Ndinagogoda pang'ono. Ndinaika sipanala yaifupi, yopanda paipi, n'kukankhira komangira.

Kwii.

Ndinabweza, kumanga, kubweza, mafuta, kumanga, kubweza. Inkayenda pang'ono n'kuima, ine n'kubwerera, mpweya nditaugwira. Pomaliza inatuluka yonse, kachitsulo kosakwana chala changa, kakuda, konyansa. Mazinga a m'bowo anali amoyo. Ndinakaika m'dzanja la bambo. Anakatembenuza, n'kukaponya m'thumba la jekete.

"Mawa umange," anatero.

Kumanga sikunavute, koma kunadya madzulo angapo, pakuti fodya sankadikira. Ndinapala injini ndi hedi, kuika gasiketi, kumanga mabawuti kuyambira pakati kupita kunja monga anandiphunzitsira, kusintha oyilo, kutsuka thanki, kukonza mabuleki. Boneti ndinasula ya lata lakale la pabalani. Batire tinabwereka. Italira koyamba inatulutsa utsi wodzaza galaja, ikutsokomola ngati mwini wake, kenaka inakhazikika. Ndinaiyendetsa mpaka pakhomo. Amayi anati bambo anaimva ikadali kumabalani, ndipo anawauza kuti, "Ikuthamanga pang'ono, akaichepetse."

Manijala anandipatsa masiku. Za mapepala a pamalire ndinati tikaonera komweko, sindikanathanso kudikira munthu wina aliyense. Tinanyamuka m'mawa, atatu pampando umodzi, bambo pakati atatsamira amayi, katundu ndi zigubu za madzi zili kumbuyo. Ndinkayendetsa diso limodzi pamsewu, lina pa kasingano ka kutentha kwa injini, khutu lili pa kupuma kwa bambo. Ndinkafuna kuponda mafuta mpaka pansi, koma msewu wafumbi unkawagwedeza, ndipo akabuula ndinkachepetsa. Titalowa tala wopita kumalire a ku Nyamapanda ndinati tsopano tithamange. Injini inkalira bwino, moti ndinaida chifukwa cholira bwino chonchi mochedwa.

Bambo anagona nthawi yaitali. Sanalankhule, sanamwe madzi. Dzuwa litakwera tinayandikira Mutoko, kumene kuli mapiri aja a miyala ikuluikulu yosalala, ina itasanjikizana. Mvula inali itagwa, miyala ikunyezimira, m'munsi mwake chimanga chili biriwiri ndi timidzi ta nyumba zaudzu. Malire anali akadali kutsogolo, Zambezi kutali, Angonia kutali kwenikweni. Bambo anatsegula maso. Anayang'ana mapiriwo nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Ima," anatero.

Ndinaima pambali pa msewu. Anayesa kukweza dzanja kuloza phiri lina lalitali, la mutu wozungulira.

"Si ilo? Kuseri kwake ndi kwa mlongo wanga. Tafika."

Ndinatsegula pakamwa. Sindidziwa chimene ndinkafuna kunena. Amayi anandiponda phazi.

"Tafika, bambo," anatero amayi. "Galimoto yanu yatifikitsa."

"Ndinakuuzani," anatero bambo. "Zimitsa injini, mwanawe, ipume."

Ndinazimitsa. Chitseko chinali chotsegula, kamphepo kakulowa ndi fungo la dothi lonyowa. Amayi anayamba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa. Bambo ankayang'anabe phiri lija. Sanathe nthawi yaitali. Amayi ndiwo anawatseka maso, n'kuwafunditsa chitenje.

Ndinatsika, ndinayenda m'mbali mwa msewu, ndinabwerera, ndinayendanso. Ndinalira mokweza ngati mwana, malole akudutsa. Ndinkawerengera m'mutu masabata amene bawuti ija inatidyera, n'kumaona kuti akanakwana kufika ndi kutsala. Kupitirira sikukanatheka, maliro sawoloka malire popanda mapepala. Kunali kubwerera kupulazi, kumanda a kuseri kwa damu kumene kunagona anzawo onse amene ankanenanso kuti mawa.

Ndinakwera, ndinaliza injini. Inalira nthawi yomweyo. Ndikutembenuza galimoto, amayi, atawakumbatira bambo, analankhula osandiyang'ana.

"Iwe, chinadya mabawuti aja n'chiyani?"

Ndinagwira chiwongolero mwamphamvu.

"Mvula, amayi."

Mapiri aja atatsala kumbuyo, anasolola thumba limodzi mwa aja anachapa, limene linali kumsana kwa bambo, analiyang'ana, n'kuliponya pazenera.

"Ndi mmene anakuuzira kuti unene," anatero. "Yendetsa bwino, usawagwedeze."